Miyezi inayi ndinkakopera foda yolakwika

XAMPP ndinaidziwira ku koleji mu 2019. Mphunzitsi wathu anabwera ndi fulashi imodzi n'kuiyendetsa m'kalasi monse kuti aliyense akopere fayilo imodzi yokha. Pofika masana, tonse amene tinali ndi malaputopu tinali titalemba localhost (adilesi ya kompyuta yako yomwe) pa browser n'kuona tsamba likutseguka popanda intaneti. Kwa ine, mnyamata wa ku Ndirande amene ndinkasinira bandulo ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi, chimenecho chinali chinthu chachikulu. Ndinkatha kukhala usiku wonse ndikulemba PHP, kulakwitsa, kukonza, osawononga ngakhale tambala.

Kwa amene simunaigwirepo, XAMPP ndi mtolo wa mapulogalamu aulere amene anamangidwa pamodzi kuti laputopu yanu ikhale ngati seva, kompyuta imene imasunga webusayiti n'kumaipereka kwa oifuna. Muli Apache, amene amalandira pempho la browser n'kupereka tsamba. Muli PHP, chilankhulo chomwe timalembera zochita za webusayiti. Muli database, yomwe imasunga zinthu monga maina ndi manambala m'matebulo, muli chilankhulo china chotchedwa Perl, komanso phpMyAdmin yoonera matebulo a database pa browser. XAMPP anaiyambitsa ndi a Apache Friends a ku Germany mu 2002. Poyamba chilembo M cha m'dzinali chinkaimira database ya MySQL, koma kuchokera mu 2015 muli ina yotchedwa MariaDB, ngakhale batani la pa Control Panel limalembedwabe MySQL mpaka lero. Ilinso ndi abale ake: WampServer ndi Laragon pa Windows, MAMP yomwe inatchukira pa Mac, ndi LAMP ya pa Linux yomwe ndi gogo wa onsewa. Kuika mapulogalamuwa limodzilimodzi n'kuwalumikiza pamanja kungamutengere wophunzira masiku, pomwe mtolowu umatha mphindi khumi.

Vuto lalikulu lomwe ndinakumana nalo nthawi imeneyo linali la Apache kukana kuyaka chifukwa pulogalamu ina ya Windows inali itagwira kale port 80, khomo lomwe Apache amalandirira mapempho. Ndinasintha mzere wa Listen 80 mu httpd.conf, fayilo ya malamulo a Apache, kukhala Listen 8080, zinatheka, ndipo ndinayamba kudziona ngati ndaidziwa XAMPP yonse. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa mabatani awiri a Start, la Apache ndi la MySQL, ndi foda imodzi yoikamo mafayilo a webusayiti yotchedwa htdocs.

Mu Okutobala 2021 ndinapeza ntchito yanga yoyamba yolipidwa. Sukulu ina ya sekondale yoyima payokha m'boma la Zomba inkafuna pulogalamu yolembera fizi, kutulutsa malisiti ndi kusunga malikisi a ana. Tinagwirizana K300,000, theka poyamba, theka ikagwira ntchito teremu yathunthu. Nditatchula zoti pulogalamuyo ikhale pa seva ya pa intaneti yolipira chaka ndi chaka, aphunzitsi aakulu anapukusa mutu.

"Achimwene, ndalama imeneyo palibe. Komanso netiweki kuno imavuta. Palibe njira ina?"

"Ilipo bambo," ndinayankha msangamsanga. "Ndiika pa kompyuta ya mu ofesi ya ndalama. Simulipira kalikonse."

Ndinaopa kuti ndikalimbikira za seva, ntchito ipita kwa wina. Choncho ndinaika XAMPP pa desktop yakale ya mu ofesi ya ndalama, ndinagula rauta yaing'ono, ndipo aphunzitsi ankalowa pa malaputopu awo ali mu staff room polemba adilesi ya kompyutayo. Eni ake a XAMPP amanena poyera kuti mtolowu anaupangira kuphunzira ndi kuyeserera, osati kuyendetsa ntchito yeniyeni ya anthu. Mawu amenewo ndinali nditawawerengapo, koma ndinkaganiza kuti akunena makampani akuluakulu, osati sukulu ya ana 400.

Ndinachitanso china chimene mpaka pano chimandichititsa manyazi. XAMPP ikangoikidwa, munthu wamkulu wa database (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse) wotchedwa root amakhala wopanda pasiwedi, koma phpMyAdmin imakhala yotsekedwa kuti itseguke pa kompyuta yokhayo. Ine ndinafuna kumalowa ndili pa laputopu yanga panja pa mtengo, ndiye ndinatsegula fayilo ya httpd-xampp.conf n'kusintha Require local kukhala Require all granted. Kuchokera tsiku limenelo, aliyense amene anali ndi pasiwedi ya rauta akanatha kulowa n'kusintha malikisi kapena kufufuta ngongole ya mwana. Palibe anachita zimenezo, koma chitseko chinakhala pululu kwa miyezi.

Pulogalamu inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Sabata yoyamba, mayi a ku ofesi ya ndalama anandiimbira kuti dzina la mwana wina likutuluka modabwitsa pa lisiti. Mwanayo dzina lake lili ndi chilembo ŵ, ngati cha m'mawu oti Malaŵi, ndipo pepala linkatulutsa Åµ. Ichi n'chaching'ono koma chidzakupezani ngati mukulembera anthu a kwathu kuno. Database, tebulo, ndi kulumikizana kwa PHP, zonse zitatu ziyenera kukhala pa utf8mb4, njira yosungira zilembo imene imazindikira ŵ. Ine ndinali nditaiwala mzere wa mysqli_set_charset. Ndinakonza madzulo omwewo ndipo ndinasangalala.

Tsiku lomwelo ndinaona mayiwo akulemba lisiti m'buku la kaboni atamaliza kulowetsa malipiro pa kompyuta. Ndinawauza kuti akudzivutitsa, ntchito imodzi akuigwira kawiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, ine buku ili ndalemba zaka 14. Ndilisiya kompyuta yanuyi ikakwanitsa chaka."

Ndinaseka, ndipo mumtima ndinkati ndi anthu akale osafuna kusintha.

Za kusunga kope ndinkaziganizira ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Lachisanu lililonse lomwe ndinapita ku Zomba ndinkakopera foda ya htdocs pa fulashi yanga. Ndinkailemba tsiku, mafodawo anachuluka, ndipo mtima wanga unali m'malo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mu htdocs mumakhala mafayilo a PHP, zithunzi ndi maonekedwe a masamba basi. Maina a ana, malipiro, malikisi, zonse zimene mayi aja ankalowetsa tsiku ndi tsiku zimakhala kwina, mu C:\xampp\mysql\data. Ku koleji sitinafunikepo kudziwa zimenezi chifukwa m'matebulo mwathu munkakhala maina ongopeka asanu, ndipo akasowa tinkangolembanso. Ndiye kwa miyezi inayi ndinkasunga mosamala zinthu zimene ndinali nazo kale pa laputopu, n'kumasiya zimene zinali pamalo amodzi okha pa dziko lonse.

Kumapeto kwa Januwale namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Amene munali kuno chaka chimenecho mukukumbukira mmene magetsi ankazimira, maola ambiri pa tsiku. Laputopu ili ndi batire, magetsi akazima imapitiriza. Desktop imangoti zii pomwepo, kaya database inali mkati molemba. MariaDB ili ndi njira yodzikonzera ikazimitsidwa mwadzidzidzi, ndipo inadzikonza kambirimbiri ine osadziwa n'komwe. Kompyutayo inalibe UPS, batire yoigwirizira kwa kanthawi magetsi akazima. Ndinatchulapo kamodzi, anati tidzaona, ndipo sindinabwerezenso.

Lolemba lina mu Meyi, cha m'ma 8 koloko m'mawa, foni inalira. Mayi aja anati pulogalamu ikukana, ndipo panja pali makolo pamzere. Ndinakwera minibasi ku Limbe ndilibe nkhawa kwenikweni. Nditafika ndinadina Start pa MySQL. Inaoneka yobiriwira kwa kamphindi, kenaka inazima, ndipo pansi panatuluka mawu ofiira akuti MySQL shutdown unexpectedly. Ndinadinanso. Chimodzimodzi. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Chimodzimodzi.

Pambali pa batani la Start pali lina lolembedwa Logs. Ndikanalidina ndikanaona fayilo ya mysql_error.log ikunena poyera chimene chavuta. Sindinalidine. Aphunzitsi aakulu anali ataima kumbuyo kwanga, makolo akusuzumira pa windo, thukuta likutsika m'khosi. Ndinatulutsa foni, ndinalemba mawu ofiira aja, n'kutsegula vidiyo yoyamba yomwe inabwera. Munthu wa m'vidiyoyo anati fufutani fayilo ya ibdata1 ndi ma ib_logfile, kenaka dinani Start. Ndinafufuta. Ndinadina Start. Inayaka, yobiriwira bwinobwino, ndipo aphunzitsi aakulu anandigwira paphewa.

Nditatsegula pulogalamu, tsamba lililonse linali ndi cholakwika. Mu phpMyAdmin maina a matebulo ankaoneka kumanzere, koma ukadina lililonse linkayankha ndi nambala 1932, kuti tebulolo kulibe mu engine. Ana, malipiro, malikisi, onse yankho lomwelo. Apo m'pamene ndinatulutsa fulashi yanga ndi chikhulupiriro chonse, n'kutsegula foda ya Lachisanu lapitalo, n'kuyamba kufunafuna. Munali index.php, munali malipiro.php, munali chizindikiro cha sukulu. Dzina la mwana ngakhale mmodzi munalibe. Ndinatsegula foda ina, ndi ina. M'mimba munatentha, manja anayamba kunjenjemera moti mbewa ya kompyuta inkandipulumuka. Ndinawauza aphunzitsi aakulu kuti ndikufuna kaye mpweya, ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa chimbudzi cha aphunzitsi n'kuimbira achimwene anga, mwana wa amayi aakulu, amene amagwira ntchito ya maseva ku Lilongwe.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Iwe, pofufutapo unagwira Shift?"

"Ayi achimwene, ndinangodina Delete."

"Recycle Bin wakhuthula?"

"Ayi."

"Ndiye thamanga ukazimitse MySQL, ndipo usagwirenso china chilichonse. Munthu aliyense asayandikire kompyutayo. Ukatero undiimbirenso."

Mafayilo atatu aja anali mu Recycle Bin. Ndinakhala pansi pa simenti.

Achimwene anandifotokozera chimene ndinachita. Matebulo a InnoDB, omwe ndi mtundu umene MariaDB imapanga ngati sunasankhe wina, ali ndi mafayilo awoawo mu foda ya database, otha ndi .frm ndi .ibd. Koma kaundula wonena kuti fayilo iyi ndi ya tebulo liti amakhala mu ibdata1. Ukafufuta ibdata1, MariaDB imapanga yatsopano yopanda kanthu, imayaka mosangalala, koma sizindikiranso matebulo ako. Zili ngati kuwotcha kaundula wa mudzi, nyumba zilipo koma palibe akudziwa mwini wake. Malangizo a m'vidiyo aja amathandiza wophunzira amene alibe chotaya, n'chifukwa chake anthu ambiri amawayamikira. Kwa munthu amene wasunga zinthu zenizeni, ndi poizoni.

Chinthu choyamba chimene anandilamula chinali kukopera foda yonse ya mysql\data pa fulashi, mmene inalili, pamodzi ndi mafayilo ochokera mu Recycle Bin, kenaka kugwirira ntchito pa laputopu yanga osati pa kompyuta ya sukulu. Anati ngakhale zinthu zitaoneka zowonongeka chotani, kopera kaye usanayese mankhwala alionse, kuti mankhwala akalakwika ubwerere pomwe unayambira. Ndikanachita zimenezi m'mawa muja, tsiku lonse likanakhala lina.

Usiku umenewo ndinagona ku Zomba, m'chipinda cha alendo cha K8,000, ngakhale kugona kwake kunali kongotchula. Ndinabwezera ibdata1 yakale ndi ma ib_logfile ake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatsegula mysql_error.log. Inkanena za tsamba lowonongeka, kutanthauza kachigawo ka mkati mwa fayilo ya tebulo la malipiro. Achimwene anandiuza kuti nditsegule my.ini, fayilo ya malamulo a database, pansi pa mzere wa mysqld ndilembe innodb_force_recovery=1, ndiyese kuyatsa. Manambala ake amayambira 1 kufika 6. Anandichenjeza kuti ndizikwera limodzilimodzi, ndipo ndisafike pa 4 osawaimbira, chifukwa kuyambira pamenepo zinthu zimatha kuwonongekeratu. Pa 1 inayaka n'kuzimanso, pa 2 chimodzimodzi. Magetsi anazima, batire ya laputopu inatsala pang'ono, ndinapita kukapempha kutchaja pa sola ya mlonda. Cha m'ma 2 koloko usiku, pa 3, inayaka n'kukhazikika.

Ndinathamangira mysqldump, kapulogalamu kamene kamakhala mu C:\xampp\mysql\bin, komwe kamatulutsa database yonse kukhala fayilo imodzi ya .sql. Kanali mmenemo nthawi yonseyi ine osakagwirapo. Kanamaliza osadandaula. M'mawa ndinaika XAMPP yatsopano pa kompyuta ya sukulu, ndinalowetsa fayilo ija, ndipo maina a ana anabwerera, malikisi anabwerera, malipiro anaoneka. Mayi aja anaomba m'manja. Ndinabwerera ku Blantyre Lachiwiri masana ndikudzimva ngati msilikali wochokera ku nkhondo.

Apa ndinalakwitsanso, ndipo kulakwitsa kumeneku n'kumene kunapweteka anthu. Sindinawerenge kuti mizere ya m'matebulo ilipo ingati. Ndinaona tebulo la malipiro lili ndi zinthu, ndinakhutira. Koma innodb_force_recovery ntchito yake ndi kulola database kudumpha masamba owonongeka kuti upulumutse zotsalazo. Imadumpha mwakachetechete. Tsamba limodzi la InnoDB ndi 16 KB, ndipo m'tebulo la mizere yaifupi ngati langa, tsamba limodzi limanyamula malisiti opitirira 100. Masamba amene amawonongeka magetsi akazima amakhala amene ankalembedwa nthawi imeneyo, kutanthauza malipiro atsopano.

Sabata imeneyo inali yobweza ana amene sanamalize fizi. Lachitatu pulogalamu yanga inatulutsa mndandanda wa angongole, ndipo Lachinayi m'mawa ana anawerengedwa maina pa asembule n'kuuzidwa kuti akatenge ndalama kunyumba. Masana bambo wina anafika pa njinga ali ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 3 pa kaliyala, lisiti ili m'manja. Analipira fizi yonse masabata awiri m'mbuyomo atagulitsa nandolo ndi mbuzi. Mwanayo anayenda wapansi ulendo wautali akulira, poganiza kuti bambo ake anamunamiza. Mayi a ku ofesi anatsegula buku lawo la kaboni, lisiti inalimo. Anatsegula kompyuta, munalibe.

Atandiimbira sanakweze mawu. Anangoti, "Achimwene, bwerani mudzaone ana amene mwawabweza." Ulendo wa minibasi umenewo sindidzauiwala. Nditafika ndinayang'ana manambala a mizere m'tebulo la malipiro, ndipo panali dzenje: nambala inalumpha malisiti 137, a masabata pafupifupi atatu. Funso limodzi la SQL, chilankhulo chofunsira database, kuyerekeza COUNT (kuchuluka kwa mizere) ndi nambala yaikulu ya id (nambala ya mzere), likanandionetsa dzenjelo Lachiwiri m'mawa m'masekondi awiri. Ana 11 anabwezedwa atalipira.

Ndinalowa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu n'kuwauza zonse, kuyambira fulashi yopanda kanthu mpaka fayilo yomwe ndinafufuta iwo ataima kumbuyo kwanga. Mtima unkandiuza kuti ndinamizire magetsi, ndipo akanakhulupirira, koma magetsi sanandiletse kusunga kope. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Mwanena zoona, zikomo. Koma makolo aja mukapepese nokha. Ndipo ndalama yanu yotsala idikira."

Ndinapepesa kwa bambo a mwana uja tsiku lomwelo, ndi kwa ena amene anabwera mawa lake. Mmodzi anandifunsa ngati ndingabweze tsiku limene mwana wake sanaphunzire. Ndinalibe yankho.

Malisiti 137 aja tinawalowetsanso pamanja kuchokera m'buku la kaboni lomwe ndinkaliseka lija. Mayi aja ankawerenga, ine ndikulemba, madzulo anayi, nthawi zina ndi tochi ya foni. Sananenepo kuti ndinakuuzani. Titamaliza tinaphatikiza ndalama za m'buku ndi za pa kompyuta kuyambira Januwale, mwezi ndi mwezi, mpaka zinafanana. Pa sabata ziwiri zimenezo ndinawononga pafupifupi K60,000 pa minibasi, malo ogona, chakudya ndi bandulo, ndipo ntchito ina ya webusayiti ya sitolo ya ku Limbe inandipulumuka chifukwa sindinkayankha foni.

Ndisanachoke ndinakonza zimene ndinayenera kukonza mu Januwale. Ndinalemba kafayilo ka .bat koitana mysqldump n'kuika tsiku pa dzina la fayilo yotuluka, ndipo ndinauza Task Scheduler ya Windows kuti izikayendetsa kawiri pa tsiku, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Kope imodzi inkapita pa fulashi yokhala m'kabati ya aphunzitsi aakulu, ina mayi aja ankanditumizira Lachisanu. Fayilo ya sukulu yonse inali yaing'ono kuposa nyimbo imodzi ya pa foni. Ndinaika pasiwedi pa root, ndinapangira pulogalamuyo munthu wakewake wa database wokhala ndi mphamvu pa database imodzi yokha, ndipo ndinabwezera Require local pamalo pake. Ndinawaphunzitsanso kudina Stop pa MySQL asanazimitse kompyuta madzulo, chifukwa kutseka windo la Control Panel sikuzimitsa database.

Achimwene anawonjezera chinthu chimodzi chimene sindikanachiganizira: fayilo ya .sql uyenera kuiyesa. Anandiuza kuti kamodzi pa mwezi ndiziilowetsa mu database yopanda kanthu pa laputopu yanga n'kuwerenga mizere ya matebulo akuluakulu. Ulendo wachiwiri womwe ndinayesa ndinapeza fayilo ya 0 KB, chifukwa pasiwedi m'kafayilo kaja ndinali nditailemba molakwika poisintha. Ndikanapanda kuyesa ndikanabwerera pomwe ndinachokera.

UPS sukulu inavomera kugula, koma pamene ankamaliza kukambirana, kwacha inagwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi, ndipo mtengo womwe ndinawapatsa sabata ziwiri m'mbuyomo unali utasintha. Anagulabe yaing'ono, yongokwanira mphindi zochepa kuti munthu adine Stop n'kuzimitsa bwino. Mphindi zimenezo n'zimene zinkafunika.

Mu Ogasiti komiti ya sukulu inavomera kuti pulogalamu isamukire pa seva ya pa intaneti. Ndinawalonjeza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Inatenga masiku 12, ndipo apa m'pamene ndinaona mbali ina ya kuphunzirira pa XAMPP ya Windows. Seva inali ya Linux. Windows siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa maina a mafayilo, Linux imasiyanitsa. Fayilo yanga inali Header.php, koma m'masamba ambiri ndinaiitana kuti header.php. Pa laputopu zinkayenda, pa seva tsamba linali loyera mbee. Matebulo nawonso: m'mafunso ena ndinalemba Ana, m'ena ana, ndipo pa Linux amenewo ndi matebulo awiri osiyana. Ndinakhala masiku atatu ndikusaka zilembo.

Kenaka PHP. Pa laputopu ndinali ndi 8.1 chifukwa ndinkangotenga XAMPP yatsopano ikatuluka. Seva inali pa 7.4. Ndinagwiritsa ntchito str_contains m'malo ambiri, koma imeneyi inabwera ndi PHP 8.0 mu Novembala 2020, ndiye 7.4 siidziwa. Mwayi wake seva inkalola kusankha mtundu wa PHP, ndipo ndinaukweza, koma ndinataya tsiku lathunthu ndisanadziwe kuti vuto ndi limeneli, chifukwa seva imabisa zolakwika pomwe XAMPP imazionetsa pa sikirini. Panopa ndisanalembe mzere woyamba wa ntchito iliyonse ndimafunsa kaye kuti seva yake ili ndi PHP iti ndi database iti, kenaka ndimaika zofanana pa laputopu. Maina a mafayilo ndi matebulo ndimalemba zilembo zazing'ono zokhazokha.

XAMPP sindinaisiye, ndipo sindiinyoza. Achinyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa kunyumba ndimawayambitsira pomwepo, chifukwa palibe njira yachangu yoposa imeneyo yoti munthu wopanda bandulo aone PHP yake ikugwira ntchito. Ena amandiuza za pulogalamu ina yotchedwa Docker, ndipo ndaiyesa, ndi yabwino pofananitsa laputopu ndi seva, koma imafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yambiri poyamba. Chimene ndinasintha ndi phunziro loyamba. Asanalembe PHP, ndimawatsegulitsa foda ya mysql\data, amaona ibdata1 ndi maso awo, amatulutsa .sql, ndimawafufutitsa database yawo yoyeserera, n'kuibwezeretsa okha. Akafunsa ngati angaikire munthu XAMPP mu ofesi chifukwa kulibe ndalama ya seva, sindiwakaniza, popeza ndikudziwa mmene zinthu zilili kwathu kuno. Ndimangowauza kuti mtengo wa UPS ulowe m'pangano loyamba, mysqldump iyambe tsiku loyamba, ndipo buku la pamanja lisachotsedwe.

K150,000 yanga yotsala ndinailandira mu Disembala 2022, miyezi isanu ndi iwiri chichitikireni ngoziyo. Aphunzitsi aakulu sanadulepo kanthu. Potuluka ndinadutsira ku ofesi ya ndalama kukatsanzika, ndipo ndinapeza buku la kaboni latsala masamba ochepa. Ndinapita m'tauni ya Zomba, ndinagula mabuku awiri a malisiti, n'kubwerera nawo kusukulu minibasi ya ku Limbe isanadzaze.